Chingerezi chimavuta pa timawu tating'ono

Pali chikhulupiriro china chimene chidazika mizu m'dziko muno kuyambira masiku a sukulu za mishoni, ndipo kufikira lero sichinazulidwe, chakuti wodziwa Chingerezi ndi uja amene polankhula amatulutsa mawu ataliatali ndi olemera, oti omvera ayambe atsegula dikishonale asanamuyankhe. Ndipo ana athu, poona kuti wolankhula motero ndiye amaomberedwa m'manja pa mtsutso wa kusukulu, amaloweza "consequently" ndi "notwithstanding" usana ndi usiku, nanyalanyaza timawu tija timene eni chinenerocho amatitchula kuyambira podzuka kufikira pogona. Ine ndikuti pamenepa tidasemphanitsa zinthu. Liwu lalikulu kawirikawiri limakhala ndi tanthauzo limodzi kapena awiri, ndipo ukalidziwa walidziwa basi. Koma "sorry", "please", "yes", "no", "you" ndi "uncle" ndi timawu timene eni ake adasungiramo mwambo wawo, ulemu wawo ndi chibale chawo, ndipo zinthu zotere sizisamuka msanga kuchoka m'kamwa mwa mtundu wina kulowa m'kamwa mwa mtundu unzake.

Nkhani imeneyi ndi yolemera, pakuti kwathu kuno Chingerezi chidaikidwa pachipata. Mwana wa Fomu 4, ngakhale akhoze masamu ndi sayansi moposa anzake onse, akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti munthu wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti athe kutenga nawo mbali pa zokambirana. Ndipo zolembedwa za milandu, mapangano a ngongole ndi makalata a ntchito, zonsezi zimatifika m'chinenero chomwecho. Buku la Oweruza, mutu 12, limasimba za Aefraimu amene adaphedwa pa madooko a Yordano chifukwa lilime lawo silidathe kutchula bwino liwu limodzi lokha, la Shiboleti. Ifenso tili ndi madooko athu, ndipo ambiri amene amabwerera pamenepo ali ndi chisoni amakhala atakhumudwa pa kaliwu kamene ankayesa kuti adakadziwa kalekale ali ku Sitandade 3.

Eni chinenerocho nawonso amavomereza kuti timawu tating'ono ndito tozama. Ntchito yolemba dikishonale yaikulu ya Oxford idaganiziridwa mu 1857, James Murray adaisenza mu 1879, ndipo idamalizidwa mu 1928 iye atamwalira kale; ndipo pamene bukulo lidasindikizidwanso mu 1989, liwu limene lidatenga malo aakulu koposa onse lidali "set", la zilembo zitatu zokha, lokhala ndi matanthauzo 430. Akatswiri atabwereramo m'zaka zapitazi, adapeza kuti mneni "run" ali ndi matanthauzo 645. Munthu amathamanga, mphuno ya wodwala chimfine imathamanga, wamalonda amathamangitsa sitolo yake, wofuna mpando amathamangira chisankho, ndipo zonsezi Mngerezi amazinena ndi kaliwu kamodzi osaona chachilendo. Onjezani pamenepo khalidwe la Chingerezi lomata kaliwu kena pambuyo pa mneni ndi kusintha tanthauzo lonse: "look" ndi kuyang'ana, koma "look after" ndi kusamala kapena kulera, "look for" ndi kufunafuna, "look down on" ndi kupeputsa munthu, "give" ndi kupatsa, koma "give up" ndi kuleka, "give in" ndi kugonja, pamene "put up with" ndi kupirira chinthu chosautsa. Mwana wolankhula Chichewa sayenera kuchita nazo mantha zimenezi, popeza chinenero chake chimachita zofanana nazo, kungoti chimazichitira kumchira kwa mneni: kuona, kuonera, kuonetsa, kuoneka, kuonana, kuonerera. Mphunzitsi amene angaike zinthu ziwirizi pambali ndi pambali pabolodi angapulumutse ana ake ku zaka zambiri za kuloweza chimbulimbuli.

Tiyeni tsono tikhale kaye pa "sorry", chifukwa liwu limeneli lachititsa manyazi anthu athu ambiri popanda chifukwa. Kwathu munthu akapunthwa, akagwetsa mbale, akadzicheka ndi mpeni, onse amene ali pafupi amati "pepani", ndipo wosanena kanthu amayesedwa wouma mtima. Potero Mmalawi akaona mzungu wakhumudwa pa mwala amathamangira kunena "sorry", ndipo mzunguyo amayankha modabwa kuti si iwe walakwa. Kwa Mngerezi wa masiku ano, "sorry" yongoima payokha ndi kuvomera kulakwa, kapena kupempha njira pamene wagundana ndi mnzake, kapenanso, akaikweza kumapeto ngati funso, kupempha kuti mubwereze zimene mwanena. Akafuna kumvera munthu chisoni amalitalikitsa, nanena kuti ali "sorry" pakumva za chakutichakuti, ndipo kwa wopunthwa amangofunsa ngati ali bwino. Aphunzitsi ena, pozindikira kusiyana kumeneku, amadzudzula ana kuti "sorry" wawo ndi Chingerezi chothyoka. Komatu mbiri ya liwuli ili kumbali ya anawo. M'Chingerezi chakalekale liwuli lidali "sarig", lochokera ku tsinde lomwe lidabala "sore", ndiko kuti chilonda kapena ululu, ndipo tanthauzo lake loyamba lidali kumva kuwawa mumtima. Za kuvomera kulakwa zidadza pambuyo. Choncho mayi wa ku Ntcheu amene amati "sorry" kwa mlendo wopunthwa akunena chinthu chimene liwulo lidabadwa nacho, ndipo ine sindingafune kuti mwana wake aphunzitsidwe kukhala chete pamene mnzake wagwa pofuna kuti amveke ngati wa ku London. Chimene ayenera kuphunzitsidwa ndi chakuti adziwe m'mene mlendo adzamvere, kuti asadabwe ndi yankho lake. Abale athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg adakumana nazo zotere, pakuti kumeneko munthu womvera mnzake chisoni, kapenanso woyamikira khanda, amati "shame", liwu limene ife tidaphunzira kuti ndi manyazi.

Liwu lina limene limasautsa mtima wa munthu woleredwa bwino ndi "you". Mwana wa kwathu amadziwa asanayambe sukulu kuti mnzake ndi "iwe" koma wamkulu ndi "inu", ndipo kunena "iwe" kwa mpongozi kapena kwa mfumu ndi mlandu wolipira nkhuku. Akafika m'kalasi namva kuti mwana, galu, mphunzitsi wamkulu ndi mfumu onse ndi "you", amaganiza kuti Chingerezi ndi chinenero chopanda mwambo. Zoona zake n'zakuti Angerezi nawonso adali ndi mawu awiri: "thou" wa munthu mmodzi, wa mwana, wa bwenzi ndi wa wantchito, ndiponso "you" wa anthu ambiri ndi wa munthu wolemekezeka. Pofika m'zaka za m'ma 1600 anthu adazolowera kupereka liwu laulemulo kwa aliyense poopa kulakwira wina, kufikira "thou" adazimirira m'malankhulidwe a tsiku ndi tsiku. Ndipo otsatira a George Fox, otchedwa ma Quaker, amene adaumirira kunena "thou" kwa munthu aliyense pokhulupirira kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, adanyozedwa ndi kumenyedwa chifukwa cha liwu limenelo. Baibulo la King James la 1611 lidasunga "thou" ngakhale polankhula ndi Mulungu, pamene Buku Lopatulika lathu lidasankha "Inu". Tsono Angerezi adataya "iwe" wawo, natsala ndi "inu". Koma popeza liwu loperekedwa kwa aliyense silingathenso kusiyanitsa wamkulu ndi wamng'ono, ulemu wawo udasamukira kwina.

Kumene udasamukirako ndiko ana athu ayenera kuperekezedwa. Ife tikati "ndipatseniko madzi", ulemu wonse uli kale m'kati mwa liwulo, mu "-ni" ndi mu "-ko"; koma mwana akalitembenuza molunjika nanena "give me water", zonsezo zimatsalira m'njira, ndipo chimene chimafika m'khutu la Mngerezi ndi lamulo la bwana kwa wantchito. Mngerezi amapempha pofunsa funso, "could you", "would you", "may I", ndipo amaonjezapo "please", liwu limene lidafupikitsidwa kuchokera ku chiganizo chotanthauza kuti ngati kukukomerani. Sanena "I want" pamaso pa munthu amene akumupempha kanthu, amati "I would like". Anyamata ndi atsikana ambiri aulemu wawo, amene kwawo amagwada popereka madzi, ayesedwa amwano m'maofesi ndi m'mahotela chifukwa chakuti palibe adawauza kuti m'chinenero ichi kugwada kumachitika ndi "could". Akuluakulu adati safunsa adadya phula; koma mwana angafunse bwanji chinthu chimene sakudziwa n'komwe kuti chilipo?

Pa "yes" ndi "no" ndipo pali ngozi yeniyeni. Wina akatifunsa kuti "Simunapite?", ife timayankha "inde", kutanthauza kuti mwanena zoona, sindinapite, timavomereza mawu a wofunsayo. Mngerezi amayankha molingana ndi chochitikacho: ngati sanapite amati "no", funso likhale lotani. Taganizirani tsono mboni imene yasankha kuyankha m'Chingerezi pabwalo la milandu, loya naifunsa kuti kodi simunamuone woimbidwa mlanduyu usiku umenewo, iyo n'kuyankha "yes" potanthauza kuti indedi sinamuone, pamene wolemba akumva kuti inamuona. Kapena wodwala amene dokotala wochokera kunja akumufunsa ngati sanamwe mankhwala ena. Chimodzimodzi "would you mind", funso limene kwenikweni limafunsa ngati chinthucho chikuvuteni, kotero kuti wovomera ndiye amati "no" ndipo wonena "yes" wakana. Ndipo ndani angaiwale liwu la "positive", limene m'kalasi tidaphunzira kuti ndi la zinthu zabwino ndi zolimbikitsa, pamene pa pepala la kuchipatala limatanthauza kuti chimene amachifunafuna m'magazi chapezeka, kaya ndi malungo kaya ndi kachilombo ka HIV? Alangizi athu a zaumoyo adachita bwino kuzolowera kunena m'Chichewa chomveka kuti kachilombo kapezeka kapena sikanapezeke. Ndikadakonda a zamalamulo ndi a mabanki akadatengerapo phunziro, pakuti alipo ambiri amene amayesa kuti belo ndiko kutha kwa mlandu, ndi ena amene amasainira mnzawo ngongole ngati "guarantor" poganiza kuti akungochitira umboni, osadziwa kuti adzisenzetsa ngongoleyo mwini wake akalephera.

Palinso chizolowezi cha Angerezi chophimba mawu, chimene ndingochitchula mwachidule. Akati "not bad" nthawi zambiri ayamikira, akayamba ndi "I'm afraid" sakuopa kanthu, akukonza njira ya uthenga wosakoma, akati "with respect" dziwani kuti akutsutsani, ndipo "How are you?" wa panjira safuna malonje, amangofuna "fine, thank you", mosiyana ndi moni wa kwathu umene umafunsa za kunyumba, za ana ndi za odwala, n'kudikira yankho. Izi siziyenera kutidabwitsa ife amene timati munthu watisiya kapena watsikira kulichete, amene timati tikukadzithandiza, ndiponso amene tikamva mkulu akuti "tiona" timadziwa kuti pempho lathu lakanidwa mwaulemu. Mtundu uliwonse uli ndi nsalu yake yofunditsira mawu, ndipo wophunzira chinenero cha eni amafunika kudekha kuja kumene kumaonetsa maso a nkhono.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa koposa zonse ndi "uncle" ndi "cousin", chifukwa pamenepa vuto lasiya kukhala la kusamvana ndi alendo, lalowa m'nyumba mwathu momwe. Kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi ena otsata kuchikazi, mlongo wa amayi, amene timati atsibweni kapena amalume, ndiye mwini mbumba: ndiye amaimira ana a mlongo wake pa ukwati ndi pa mlandu, ndiye amafunsidwa pa maliro, ndipo ufumu umayenda kudzera mwa iye kupita kwa mwana wa mlongo wake. Mbale wa abambo ndi munthu wina ndithu, ndipo iye ndi bambo, wamkulu kapena wamng'ono, amene kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena ndiye amasenza udindo waukulu abambo akachoka. Chingerezi chimawaphatikiza awiriwa m'liwu limodzi, ndipo ife tidalitenga liwulo n'kulisandutsa "ankolo", amene lero ndi malume, ndi bambo wamng'ono, ndi mwamuna wa azakhali, ndi mnzawo wa abambo wa kuntchito, ndi kondakitala wa minibasi yemwe. Chimodzimodzi "cousin": kwathu mwana wa amayi aang'ono kapena wa abambo aakulu ndi mbale wako, mkulu wako, mng'ono wako kapena mlongo wako, ndipo msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali yekha, amene umaseka naye nthabwala za chisuweni ndipo kale ankaloledwa kukwatirana naye; choncho kusokoneza awiriwa ndiko kusokoneza malire a ukwati. Wantchito akapempha tchuthi kachiwiri ponena kuti abambo ake amwalira, bwana wachilendo amamuyesa wabodza, pamene iye wanena zoona zokhazokha monga mwa chibale cha kwawo.

Mbiri ikutiuza kuti Angerezi eni ake adadutsa njira yomweyi. M'Chingerezi chakale mlongo wa amayi ankatchedwa "eam", ndipo mbale wa abambo "faedera". Koma anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chidakhala chinenero cha olamulira, ndipo m'kupita kwa nthawi liwu lawo limene lidabala "uncle", lochokera ku Chilatini "avunculus", limene poyamba linkatanthauza mlongo wa amayi yekha, lidameza mawu awiri aja. Zimene zidawachitikira iwo m'zaka mazana angapo zikutichitikira ife m'mibadwo iwiri, makamaka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, m'mene muli ana amene sadziwa kuti mwa "ankolo" awo onse ndi ati amene adzawaimire tsiku la chinkhoswe. Liwulo ndi lopepuka pakamwa ndipo limamveka lachitukuko, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: dzina la udindo likafafanizika, udindowo umatsala pang'ono kuiwalika, ndipo mwana wamasiye ndiye amayamba kumva kuzizira kwake.

Ena adzati chinenero ndi chinthu choyenda, ndipo palibe angachimange. Ndikuvomera ndi mtima wonse. "Nice", limene lero ndi liwu loyamikira, kale linkatanthauza wopusa. "Silly" linkatanthauza wodala. "Goodbye" ndi dalitso lofupikitsidwa lakuti Mulungu akhale nanu. Ndipo "OK", amene lero amamveka ngakhale pa msika wa kumudzi, adayamba ngati nthabwala ya kalembedwe kolakwika mu nyuzipepala ya Boston Morning Post ya pa 23 March 1839. Ngakhale dikishonale ya Oxford, mu January 2020, idalandira mawu 29 a Chingerezi cha ku Nigeria, povomereza kuti chinenerochi chili ndi eni ambiri tsopano. N'chifukwa chake sindiona cholakwa pamene Amalawi okhaokha auzana "I am coming" uku akuchoka, potanthauza kuti ndikubwera posachedwa, kapena ponena kuti "my father is late" potanthauza malemu, kapena "let me escort you" potanthauza kuperekeza mlendo, mwambo umene Chingerezi cha ku England chilibe liwu loukwanira bwino. Chimenechi ndi Chingerezi cha kwathu, ndipo chili ndi ulemerero wake. Koma kuyenda kwa chinenero sikutichotsera udindo wodziwa kumene chikupita. Munthu ayenera kudziwa kuti "late" wake, akamunena kwa mlendo, adzamveka ngati abambo angochedwa panjira, ndipo ayenera kusankha yekha, ndi maso otsegula, mawu amene alowetse m'nyumba mwake ndi amene awasiye pakhomo.

Mu 2014 boma lidalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo cholinga chake, chakuti adziwe chinenerocho msanga, palibe angachinyoze. Koma zonse zimene ndafotokozazi sizingaphunzitsidwe m'Chingerezi chokha, popeza kusiyana kwa "sorry" ndi "pepani", kwa "yes" ndi "inde", kwa "uncle" ndi "atsibweni", kumaoneka pokhapokha zinenero ziwirizo zitaikidwa pamodzi ndi kuyerekezedwa. David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre, polemba dikishonale yake ya Chimang'anja ya 1892, sadakhutire ndi kundandalika matanthauzo, adafotokozanso miyambo imene mawuwo amakhalamo, podziwa kuti mzungu mnzake sangamve liwu popanda mwambo wake. Ife tikusowa buku lotero loyang'ana mbali inayo, lofotokozera Mmalawi mwambo wa mawu a Chingerezi m'chinenero chake. A Centre for Language Studies a ku Zomba, amene adatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ali ndi luso lokwanira ntchito imeneyi, ndipo likadakhala buku laling'ono, la mawu mazana awiri kapena atatu ofala koposa, lotsika mtengo, loti lifike m'makoleji ophunzitsa aphunzitsi ndi m'manja mwa omasulira a m'makhoti ndi a m'zipatala. Pamene tikudikira bukulo, oyendera sukulu aleke kudzudzula mphunzitsi amene waimitsa phunziro la Chingerezi kwa mphindi zisanu kuti afotokozere ana ake, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, chifukwa chimene wovomera "would you mind" amayankhira "no".